Mmene Nthaka ndi Nyumba Zimagwedezerana pa Chivomezi

Chivomezi chimayambira pansi penipeni, pamene matanthwe amene akhala akukanikizana kwa zaka mazanamazana athyoka kapena kusemphana mwadzidzidzi. Mphamvu yotuluka pamenepo imayenda ngati mafunde m'thanthwe, ndipo isanafike pa nyumba, mlatho kapena damu, imayamba yadutsa m'dothi lokhala pamwamba pa thanthwelo. Dothi silipereka mafundewo monga lawalandirira. Ena limawakulitsa, ena limawafooketsa, ndipo onse limawachedwetsa. Nyumba nayo ikayamba kugwedezeka siingolandira chabe. Kulemera kwake kumakankha ndi kukoka nthaka imene yakhalapo, moti nthaka ya pansi pa maziko imayenda mosiyana ndi ya pabwalo popanda chomangidwa. N'chifukwa chake nyumba ziwiri za pulani imodzi, zomangidwa ndi amisiri omwewo, zimatha kuona zosiyana pa chivomezi chimodzi: ina kugwa, ina kungong'aluka pulasitala.

Zimene dothi limachita ndi mafunde

Mafunde owononga kwambiri ndi amene amagwedeza nthaka cham'mbali, ndipo liwiro lawo limadalira kulimba kwa chimene akudutsamo. M'thanthwe amathamanga mamita oposa 800 pa sekondi. M'dongo lofewa safika mamita 180, ndipo m'matope otsala pamene panali nyanja amatha kutsika mpaka pansi pa mamita 100. Akachoka m'thanthwe n'kulowa m'dothi lofewa liwiro lawo limatsika, koma mphamvu imene anyamula siitha. Imaunjikana m'malo ochepa, ndipo nthaka imasuntha kwambiri kuposa thanthwe la pansi pake. Mafundewo akafika pamwamba amabwerera pansi, akagunda thanthwe amabwereranso m'mwamba, n'kumangozungulira m'dothimo. Motero m'chigwa chodzaza dothi lofewa chivomezi chimakula komanso chimatenga nthawi yaitali kuposa pa chitunda cha miyala chapafupi.

Dothi lililonse lili ndi nthawi yake yachibadwa, kutanthauza nthawi imene limatenga kuti lipite mbali imodzi n'kubwerera. Mainjiniya amaipeza pochulukitsa kuya kwa dothilo ndi 4, n'kugawa ndi liwiro la mafunde. Dothi lolimba lakuya mamita 10, lodutsa mafunde pa mamita 400 pa sekondi, limapita n'kubwerera kakhumi pa sekondi imodzi. Matope akuya mamita 30, odutsa mafunde pa mamita 60 pa sekondi, amatenga masekondi awiri athunthu pa ulendo umodzi. Nyumba nayo ili ndi nthawi yake yachibadwa, ndipo pongoyerekeza, nsanjika khumi zilizonse zimawonjezera sekondi imodzi. Ngozi imakula nthawi ziwirizi zikafanana. Mwana wa pa katungwe akamakankhidwa pa nthawi yeniyeni imene akubwerera, amakwera m'mwamba ngakhale womukankhayo akhale wopanda mphamvu. Akamakankhidwa mwachisawawa, sapita patali. Nthaka imachita chimodzimodzi ndi nyumba.

Mzinda wa Mexico City ndiwo unaphunzitsa dziko nkhaniyi momveka bwino. Pakati pa mzindawu panamangidwa pamene panali nyanja ya Texcoco, imene inaphwetsedwa pang'onopang'ono Asipanya atalanda dzikolo, ndipo pansi pake pali dongo lofewa lodzaza madzi, lakuya mamita makumi angapo. Pa 19 Sepitembala 1985 chivomezi cha mphamvu 8.0 chinachitika kugombe la Michoacán, mtunda woposa makilomita 300 kuchokera mumzindawu. Pofika ku matanthwe a m'mphepete mwa mzinda mafunde anali atafooka, ndipo kumeneko sikunawonongeke zambiri. Koma makina oyezera amene anali pa dongo la nyanja yakaleyo anaonetsa kugwedezeka kokula kanayi kapena kasanu, kobwerezabwereza masekondi awiri alionse. Nyumba zimene zinagwa kwambiri zinali za nsanjika 6 mpaka 15. Powerengera papepala, zambiri mwa izo zinali ndi nthawi yachibadwa yochepera masekondi awiri, koma zinali pa maziko ofewa, ndipo zitayamba kung'aluka zinafewanso, nthawi yawo n'kutalika mpaka kuyandikira ya dongolo. Nyumba zakale zazifupi, za makoma ochindikala, zambiri zinapulumuka. Nayo nyumba ya nsanjika 44 ya Torre Latinoamericana, yomalizidwa mu 1956, inapulumuka: nthawi yake inali yaitali kuposa ya dongo, ndipo injiniya Leonardo Zeevaert anaikhazika pa mizati yokhomeredwa pansi mpaka pa dothi lolimba. Anthu masauzande ambiri anafa mumzindawu, kutali ndi kumene chivomezicho chinayambira.

Zofananazo zinaoneka ku California pa chivomezi cha Loma Prieta pa 17 Okutobala 1989. Zilumba za Yerba Buena ndi Treasure Island n'zogundizana m'nyanja ya San Francisco, koma choyambacho ndi thanthwe, pamene chinacho ndi mchenga wothiridwa ndi anthu pamwamba pa matope. Pa chachiwiricho nthaka inagwedezeka kuposa kawiri. Ku Oakland, msewu wosanjikizana wa Cypress unagwa pa chigawo chimene chinali pa matope ofewa, ndipo anthu 42 anafa.

Si dothi lofewa lililonse limene limakulitsa mafunde mofanana. Chivomezi chikakhala champhamvu kwambiri, mchenga ndi dothi lina zimafooka, timiyala take timakhulana, ndipo gawo la mphamvuyo limathera momwemo. Dongo la ku Mexico City linali loopsa chifukwa limapindika n'kubwerera m'malo osataya mphamvu yambiri.

Zimene nyumba imachita ndi dothi

Mbali yachiwiriyi ndi yovuta kuiona ndi maso, ndipo imachitika m'njira ziwiri. Yoyamba imachokera ku kulimba kwa maziko. Mafunde safika pa malo onse nthawi imodzi, ndipo nthaka yopanda chomangidwa imapindika mosiyanasiyana. Silabu yaikulu ya konkire singapindike choncho, motero imayenda ngati chinthu chimodzi, n'kufafaniza tizigwedezo tofulumira. Maziko okumbidwa mozama amapindulanso chifukwa pansi nthaka imagwedezeka pang'ono kuposa pamwamba. Mizati yokhomeredwa pansi ndiyo imavutika: dothi likamapindika imakakamizidwa kupindika nalo, ndipo kawirikawiri imathyokera pamene dothi lofewa lakumana ndi lolimba, pamalo poti palibe angaone mpaka atakumba.

Njira yachiwiri imachokera ku kulemera kwa nyumbayo. Nthaka ikasunthira kumanja, nyumba imatsalira, kenako imatsatira mwamphamvu, ndipo mphamvu yonseyo imatsikira ku maziko. Pa thanthwe maziko sasuntha, choncho zipilala ndi makoma ndizo zimapindika. Pa dothi lofewa maziko amakhuluzika pang'ono, mbali imodzi ikuzama ina ikukwera. Pamenepa pamatuluka zinthu ziwiri. Nthawi yachibadwa ya nyumbayo imatalika, chifukwa tsopano chogwedezeka si nyumba yokha koma nyumba pamodzi ndi dothi la pansi pake. Komanso maziko akamasunthasuntha amatumiza mafunde akeake m'nthaka, ndipo mphamvu yopita ndi mafundewo siibwereranso ku nyumba.

Kukula kwa zimenezi kumadalira kusiyana kwa kulimba pakati pa nyumba ndi dothi. Nyumba yopepuka ya zitsulo yomangidwa pa thanthwe siikhudzidwa n'komwe. Zokhudzidwa kwambiri ndi zomangidwa zolemera ndi zolimba zokhala pa dothi lofewa: nyumba za makoma a konkire, zipilala za milatho, matanki a madzi okwezedwa m'mwamba, nkhokwe zazikulu za konkire ndi malo opangira magetsi a nyukiliya. Masamu ake anayambira kwina, pa maziko a makina olemera a m'mafakitale. Eric Reissner analemba mu 1936 za mmene maziko ozungulira amanjenjemerera pa nthaka. Kumangidwa kwa malo a nyukiliya m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ndiko kunachititsa kuti nkhaniyi ifufuzidwe mozama, ndipo mu 1974 Anestis Veletsos ndi Jethro Meek anapereka njira yachidule yowerengera kutalika kwa nthawi yachibadwa, imene inadzalowa m'malamulo a zomangamanga.

Kwa zaka zambiri mainjiniya ankakhulupirira kuti kugwedezana kwa nyumba ndi dothi n'kothandiza basi. Maganizo awo anali akuti pa zivomezi zambiri mphamvu yaikulu ili m'mafunde ofulumira, choncho nyumba imene nthawi yake yatalika yathawa mafundewo. Wowerengera ngati kuti maziko sasuntha ankaonedwa kuti wasamala mopitirira, ndipo malamulo a m'mayiko ambiri ankalola kuti nkhaniyi ingosiyidwa. Chikhulupirirochi n'choona kawirikawiri, koma chimalephera pamalo pamene chikufunika kwambiri. Pa dothi lofewa lakuya mphamvu yaikulu ili m'mafunde ochedwa, ndipo nyumba yotalikitsa nthawi yake ikupita kokakumana nawo.

Ku Kobe, m'dziko la Japan, pa chivomezi cha pa 17 Januwale 1995, chigawo cha msewu wam'mwamba wa Hanshin chotalika mamita oposa 600 chinagwera cham'mbali ku dera la Fukae. Zipilala zake zinalidi ndi zofooka: zitsulo zina zinathera panjira, zomangira zinali zochepa. Koma George Mylonakis ndi George Gazetas, atawerengeranso, anasonyeza kuti kufewa kwa dothi ndi mizati ya pansi kunatalikitsa nthawi yachibadwa ya mlathowo n'kuulowetsa m'mafunde amphamvu koposa a chivomezicho. Ngakhale pamene mphamvu yofika ku zipilala yachepa, mutu wa nyumba umayenda mtunda wautali maziko akamapendama. Nyumba zoyandikana zimawombana, monga zinachitikira zambiri ku Mexico City, ndipo mapaipi ndi nthambo zolowa m'nyumba zimaduka. Pa chivomezi cha mu Julayi 2007, ku malo a nyukiliya a Kashiwazaki-Kariwa ku Japan, thiransifoma inayaka moto chifukwa iyo inali pa mizati yozama, pamene chonyamula nthambo zake chinali pa dothi limene linatitimira. Chilichonse pachokha chinali cholimba. Chinalephera ndi polumikizira zinthu ziwiri zokhala pa maziko osiyana.

Nthaka ikasanduka madzi

Zonse zafotokozedwazi zimachitika dothi likadali ndi mphamvu yonyamula nyumba. Pali nthawi pamene mphamvuyo imatheratu. Mchenga wosagwirana, wokhala pansi pa madzi a m'nthaka, umanyamula katundu chifukwa timiyala take timatsamirana. Ukagwedezedwa timiyalato timafuna kuyandikana, koma madzi a m'mipata alibe nthawi yotulukira. Kulemera konse kumasamukira pa madziwo, timiyala timalekana, ndipo kwa masekondi kapena mphindi zingapo mchengawo umakhala ngati madzi olemera. Zolemera zimamira. Zopepuka zokwiriridwa pansi, monga matanki a mafuta opanda kanthu ndi mapaipi a zonyansa, zimayandama n'kutulukira pamwamba. Madzi ndi mchenga zimatumphuka m'ming'alu.

Chaka cha 1964 ndicho chinatsegula maso a mainjiniya pa nkhaniyi. Ku Niigata, m'dziko la Japan, pa chivomezi cha pa 16 Juni, nyumba zogonamo za konkire za ku Kawagishi-cho zinapendama, ina mpaka kugona cham'mbali, koma makoma ake ali osasweka. Mlatho wa Showa, umene unali utangotsegulidwa kumene, unagwetsa zigawo zake mumtsinje wa Shinano mizati yake itasuntha. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, chivomezi cha mphamvu 9.2 ku Alaska chinagumula dera la Turnagain Heights ku Anchorage pamodzi ndi nyumba zake. Kuchokera pa zochitika ziwirizi, H. Bolton Seed ndi Izzat Idriss anakonza mu 1971 njira yoyezera ngati mchenga wa pamalo ungasanduke madzi, ndipo njirayo, itakonzedwanso kangapo, ikugwirabe ntchito.

Ku Adapazarı, m'dziko la Turkey, pa chivomezi cha pa 17 Ogasiti 1999, nyumba zazitali koma zopyapyala ndizo zinapendama kapena kugubuduka, pamene zotambalala zinangozama pang'ono zili chilili. Zambiri zimene zinazama sizinasweke kwenikweni, chifukwa dothi losungunuka silidutsitsa bwino mafunde. Makina okwiriridwa pa kuya kosiyanasiyana pa Port Island ku Kobe anaonetsa zomwezo mu 1995: pamwamba panagwedezeka pang'ono kuposa pansi. Chitetezo choterechi palibe angachidalire, pakuti nyumba yopendama siikhalikanso, ndipo pa doko lomwelo makoma a m'mphepete mwa nyanja anasunthira m'madzi mamita angapo.

Choopsa koposa ndi pamene nthaka yosungunukayo ili pa malo otsetsereka, ngakhale pang'ono, kapena pafupi ndi gombe la mtsinje. Dothi louma la pamwamba limatsetsereka pa losungunukalo, n'kung'amba maziko ndi kukankha mizati. Ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, chivomezi cha pa 22 Febuluwale 2011 chinapha anthu 185, ambiri m'nyumba zogwa, koma chimene chinasamutsa anthu ndi nthaka: boma linagula malo okhala pafupifupi 8,000, ambiri m'mbali mwa mtsinje wa Avon, n'kugumula nyumba zake. Ku Palu, m'dziko la Indonesia, pa chivomezi cha mu Sepitembala 2018, madera a Petobo ndi Balaroa anayenda mamita mazana angapo ndi nyumba zomwe, pa malo ooneka ngati athyathyathya.

Kuyeza ndi kuwerengera

Ntchito imayamba ndi kuboola nthaka. Njira yofala ndi yokhoma chitsulo chamkati mobowoka ndi hamala yolemera makilogalamu 63.5, yogwetsedwa kuchokera pa masentimita 76, n'kuwerenga kuti yamenya kangati kuti chitsulocho chilowe masentimita 30. Mchenga wolowa ndi kumenya kochepa, uli pansi pa madzi, ndiwo wokayikitsa. Njira ina ndi yokankhira pansi chitsulo chosongoka chokhala ndi zoyezera. Liwiro la mafunde limayezedwanso, ndipo malamulo ambiri, monga Eurocode 8 ya ku Ulaya, amagawa nthaka m'magulu potengera liwiro la m'mamita 30 apamwamba. Muyezo umenewu ndi wosavuta, koma suona zimene zili pansi pa mamita 30, pamene zigwa zina n'zakuya mamita mazana.

Powerengera, njira yakale ndi yoyerekeza dothi ngati masipuling'i oikidwa pansi pa maziko, ganizo lochokera kwa Emil Winkler mu 1867. Pa zomangidwa zikuluzikulu, nyumba ndi dothi zimaikidwa pamodzi m'kompyuta. Zotsatira zake zimayesedwa pa matebulo ogwedeza, monga la E-Defense pafupi ndi Kobe, lotsegulidwa mu 2005, limene limanyamula nyumba yeniyeni ya nsanjika zingapo. Komabe chitsulo ndi simenti zimachokera ku fakitale ndi mphamvu yodziwika, pamene dothi limasintha pa mamita ochepa okha, ndipo mabowo atatu kapena anayi saonetsa zonse. Injiniya wosamala amawerengera kawiri, koyamba dothi likhale lofewerapo kuposa mmene layezedwera, kachiwiri lolimbirapo, n'kumanga motsatira yankho loipa.

Njira zomangira

Pa mchenga wokayikitsa, njira yoyamba ndi kukonza nthakayo: kuitsendera ndi makina onjenjemera, kukwirira mizere ya miyala yoti madzi azitulukira msanga, kapena kuisakaniza ndi simenti. Ku Kobe, malo amene anatsenderedwa motere anatitimira pang'ono kuposa oyandikana nawo. Kenako pamabwera maziko. Silabu imodzi yolimba pansi pa nyumba yonse imaisunga kuti izame yonse pamodzi m'malo mong'ambika. Maziko odukaduka a chipilala chilichonse ayenera kulumikizidwa ndi mabimu a konkire. Mizati ya pansi iyenera kudutsa dothi lofewa lonse ndi kukhala ndi zitsulo zokwanira pamene dothi likusintha. Kukhazika nyumba pa mphira ndi zitsulo zoilekanitsa ndi nthaka kumathandiza kwambiri pa dothi lolimba, koma chifukwa njirayi imatalikitsa nthawi yachibadwa, pa dongo longa la ku Mexico City ingathe kuwonjezera vuto.

Ganizo lina, limene poyamba linkaoneka lachilendo, ndi lolola maziko kusuntha mwadala. Chitachitika chivomezi cha ku Chile mu 1960, George Housner anafotokoza mu 1963 chifukwa chake matanki ena aatali, ooneka osakhazikika, anapulumuka: ankadzuka mbali imodzi n'kukhalanso, ndipo mphamvu yofika m'thupi lawo inali ndi malire. Mlatho wa sitima wa South Rangitikei ku New Zealand, wotsegulidwa mu 1981, uli ndi zipilala zopangidwa kuti zizidzuka motero. Mlatho wa Rion-Antirion ku Greece, womalizidwa mu 2004, uli pa nyanja yakuya imene pansi pake thanthwe lili kutali kwambiri. Zipilala zake zili pa maziko ozungulira otambalala mamita 90, ongokhazikidwa pa miyala yoyalidwa pamwamba pa dothi lolimbitsidwa ndi mapaipi achitsulo, osamangiriridwa kwa mapaipiwo, kuti pa chivomezi chachikulu mazikowo akhuluzike m'malo mothyola zipilala.

Nkhaniyi ikukhudzanso Malawi, amene ali m'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, kumene nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono. Chivomezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989 ndi zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009, chachikulu cha mphamvu 6.0, zinawononga madera a m'mbali mwa nyanja, kumene dothi ndi losiyidwa ndi mitsinje ndipo madzi ali pafupi. Ku Karonga mchenga unatumphuka m'ming'alu. Nyumba ya njerwa yosasanja ndi yopepuka, moti siisintha kwenikweni kayendedwe ka nthaka. Kwa iyo chofunika ndi malo amene yamangidwa komanso kufanana kwa dothi pansi pa makoma onse. Nyumba ya m'dambo, ya pa gombe la mtsinje, kapena imene mbali ina ili pa dothi lokumbidwa pamene ina ili pa dothi lothira, kapena pa dzenje lakale la njerwa lokwiriridwa, imang'ambikira pamene dothi lasiyanira, ndipo ngoziyo imakula m'dzinja madzi a m'nthaka akakwera. Pa nyumba zosanja, milatho, matanki a madzi ndi madamu, kuboola nthaka ndi kuiyeza kuyenera kuchitika pulani isanajambulidwe, chifukwa mtundu wa maziko ndi kukula kwa zipilala zimadalira zotsatira zake.